Galimoto ya Nyumba Pabwalo la Otilia

Madalaivala amene ankayendetsa malole a thonje pamsewu wa ku Nsanje m'zaka za m'ma 1970 ankadziwa kuti injini ikawira, kothawira ndi ku Bangula, kwa a Lorenso, kuseri kwa msika kufupi ndi njanji. Chimene ambiri a iwo sankadziwa n'chakuti a Lorensowo anali atasiya kale kuona, ndipo marediyeta onse otuluka pakhomo paja ankawotcherera ndi mkazi wawo, Otilia.

Otilia anabadwira ku Makhanga, kutsidya kwa Shire, m'banja la asodzi. Sukulu anailawa pang'ono, koma chaka china madzi osefukira atagwetsa makoma ake, iye sanabwererenso. Anakwatiwa ndi a Lorenso pa nthawi imene bamboyo anali atangosiya ntchito ku fakitale ya thonje n'kuyamba yawoyawo. Anayamba ndi kumata ndowa ndi mapoto, kenako marediyeta, popeza kuchigwa kuno dzuwa limaphika galimoto ngati mbatata. Ntchito ya Otilia inali kukupiza makala pa mbaula ndi kudzaza madzi m'diramu yodulidwa pakati, mmene ankamiziramo rediyeta pofufuza pobowoka.

Tsiku lina dalaivala wina wothamangira ku Limbe anakana kudikira kuti injini yake izizire. A Lorenso anakulunga chiguduli padzanja n'kupotokola chivundikiro cha rediyeta. Otilia anali pomwepo, mwana wawo Jesinta ali kumsana. Anaona nthunzi yoyera ikumeza mutu wa amuna ake, kenako anamva kukuwa kumene anali asanakumvepo m'kamwa mwa munthu wamkulu. Khungu la kumaso linapola patapita nthawi, koma maso sanabwerere. Anatuwa ngati a nsomba yophika, n'kumangosiyanitsa usana ndi mdima basi.

Atatuluka kuchipatala, a Lorenso anakhala pakhonde mpaka ufa unatha m'nyumba. Ndipo m'mawa wina anaitana mkazi wawo.

"Amake Jesinta, bweretsani chitsulo chowotcherera chija ndi mtovu. Mutu ndili nawo, zala ndili nazo. Inu muli ndi maso."

Otilia ankaopa asidi, ankaopa mtovu wosungunuka, ndipo kuposa zonse ankaopa galimoto yotentha. Koma anaphunzira. A Lorenso ankayendetsa zala pa rediyeta n'kumamuuza potsuka ndi pomata, iye akupopa mpweya ndi pampu ya njinga n'kumayang'ana pamene thovu likutulukira. Anawotcha zala, anabowola zitenje, mpaka dzanja lake linafika pomata mzere wosalala umene amuna ake ankausisita osapeza polakwika.

Anagwirizana kuti akunja asadziwe. Ndani akanasiya rediyeta yake kwa munthu wosaona, kapena kwa mkazi, pamene ku Ngabu kunali mmisiri wina? Choncho a Lorenso ankakhala kutsogolo atavala magalasi akuda, n'kumanena kuti moto wa ntchito unawalasa maso. Dalaivala ankamasula yekha rediyeta, monga mwa chizolowezi, n'kupita kukamwa mowa kumsika, ndipo ntchito inkachitikira kuseri kwa mpanda wa bango. Oyandikana nawo ankadziwa, koma inali nthawi imene aliyense anali ataphunzira kusunga pakamwa, ndipo nkhani ya maso a Lorenso inali yaing'ono poyerekeza ndi zina zimene anthu ankasunga.

Zinayenda chomwecho mpaka chilimwe cha 1977. Linali Lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo, pamene Otilia anamva thalakitala ikubwera cha kumsewu. Atasuzumira anaona ikukoka galimoto yaitali yoyera, ya mazenera okhala ndi makatani. Ana a pamsika anaithamangira, koma amayi awo anawaitana msangamsanga. Galimoto ija inali yodziwika m'chigwa monse. Anthu ankaitcha galimoto ya nyumba, chifukwa mkati mwake munali bedi, tebulo ndi pophikira. Poyamba inali ya mzungu wina wa zaulimi amene ankagonamo ndi banja lake poyendera minda ya thonje. Mzungu uja analankhula zimene sizinakondweretse akuluakulu, anakwezedwa ndege, ndipo katundu wake yense analandidwa. Tsopano galimotoyo inali m'manja mwa bwana wina wamkulu wa chipani, amene dzina lake anthu sankalitchula. Ankangoti abwana aja.

Thalakitala inaima pabwalo pawo penipeni. Otilia anamugwira Jesinta padzanja, n'kumutulutsira kuseri, n'kumuuza kuti athamangire kwa amayi ake aang'ono ndipo asabwere mpaka ataitanidwa.

Pobwerera anapeza galimoto ina yaing'ono yafika, ndipo abwana aja ataima pamthunzi wa mtengo wa nimu akudzipukuta thukuta m'khosi. Anali munthu wamfupi, wa mawu ofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunamuopsa Otilia. Anagwada chapatali.

"Ndinu a Lorenso?" anafunsa abwana.

"Ndine, bwana."

"Makadi a chipani muli nawo pakhomo pano?"

Otilia analowa m'nyumba n'kuwatulutsa m'chitini. Mwamuna wina wamtali wa malaya ofiira anawalandira, anawatembenuza, n'kuwabweza.

"Ndamva kuti m'chigwa muno palibe wokuposani," anapitiriza abwana. "Galimoto iyi ikuwira. Loweruka ndili ndi msonkhano ku Nsanje, ndipo ndikafika kumeneko ndili m'menemu. Mungathe?"

Otilia anayang'ana amuna ake. Nthawi yonena zoona inali imeneyo, ndipo onse awiri anaidziwa.

"Ndingathe, bwana," anayankha a Lorenso.

"Chabwino. Ikapanda kuyenda, ndidziwa kuti pa Bangula pano pali anthu amene sakufuna chitukuko. Paison, utsale ndi galimoto yako. Iwe Leonard, utsalenso. Pasapezeke wina aliyense woigwira kupatula mmisiriyu."

Galimoto yaing'ono ija ndi thalakitala zitachoka, pabwalo panatsala anthu anayi. Paison, dalaivala, anali wochepa thupi, wa imvi zapatalipatali, ndipo sankayang'ana munthu m'maso. Leonard, wa malaya ofiira uja, anakoka mpando wa a Lorenso n'kukhalapo, ndodo yake ili pamiyendo, nkhope italoza kumene kunali ntchito.

Kumasula rediyeta kunali kosavuta, popeza inali ntchito ya dalaivala. Paison anatsegula kutsogolo kwa galimoto n'kuyamba kumasula mabawuti ndi mapaipi a labala. A Lorenso anaima pambali pake, dzanja lili pa galimoto, akunena mawu a umisiri. Otilia ankabweretsa zida, ndipo akafika pafupi ankawanong'oneza m'Chisena kuti sunthirani kumanja, pali ndowa kumapazi kwanu, dalaivala akukupatsani bawuti.

"Mayi," anatero Leonard osakweza mawu, "mukunena chiyani?"

"Ndikuwafunsa ngati akufuna madzi akumwa, bambo."

"Muziwafunsa m'Chichewa. Ine ndine wa kumtunda, zanuzo sindimva, ndipo zimene sindimva sindizikonda."

Kuyambira pamenepo Otilia anangotsala ndi kutsokomola ndi kukhula mapazi pansi. Anaona amuna ake akutambasula dzanja kufuna sipanala imene inali itachotsedwa kale, zala zikupapasa pachitsulo chopanda kanthu. Anaonanso kuti Paison waima n'kuziyang'ana zalazo. Dalaivalayo anatola sipanala n'kuiika m'dzanja la a Lorenso, kenako anapitiriza ntchito yake.

Chitseko cha m'mbali chinali chotsegula, ndipo Otilia podutsa anaponya maso mkati. Pabedi panali mitolo ya nsalu za amayi ovina pamsonkhano, ndipo pamwamba pa tebulo panapachikidwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Pamphuthu ya chitseko panali timizere ta pensulo, wina pamwamba pa unzake, pamene mzungu uja ankayezera kukula kwa mwana wake. Otilia anachotsa maso msanga, ngati waona maliseche a munthu.

Dzuwa litapendeka, Leonard anati akukayendera msika kuti aone ngati ogulitsa onse ali ndi makadi. Atangokhota pakona, ananyamula rediyeta ija kupita nayo kuseri kwa mpanda. Anatseka makamwa ake ndi zitsekerero za mtengo, anaimiza m'diramu, Otilia n'kuyamba kupopa. Madzi onse anabwata ndi thovu.

"Ikutulukira pati?" anafunsa a Lorenso.

Otilia anazengereza, popeza Paison anali ataima pomwepo. Kenako anayankha motsitsa mawu kuti, "Paliponse."

A Lorenso anaivuula n'kuyendetsa zala pa timapaipi take. Anaima pakati, anakanda ndi chikhadabo, n'kununkhiza.

"Uyu ndi sopo. Ndipo apa padulidwa mozungulira. Fani ya injini inadya rediyeta iyi. Galimotoyi inagunda chinthu."

Paison anakhala pansi pafumbi.

"Bambo," anatero, "inu simukuona."

Otilia anali atagwirabe pampu ija. Anaganiza za Jesinta. Anaganiza za mphunzitsi wina wa ku Makhanga amene anatengedwa chifukwa cha mawu ochepa chabe olankhulidwa pamowa, ndipo mkazi wake mpaka tsopano sankadziwa ndende imene anali.

"Sindikuona," anavomera a Lorenso. "Nanga inu munagunda chiyani?"

Paison anafotokoza mawu akuduka. Ankabwera yekha kuchokera ku Nchalo, abwana atatsogola. Pafupi ndi Ngabu ng'ombe zinadumphira mumsewu, iye pozipewa anagwera m'ngalande n'kugunda chitsa. Anamata sopo, anathira madzi amatope a m'dambo, ndipo kwa abwana anangonena kuti galimoto yawira ndi dzuwa.

"Amene ankayendetsa ine ndisanabwere, tayala linamuphulikira abwana ali mkati," anatero. "Abwana anati iye ankafuna kuwapha. Sanaonekenso. Ine ndili ndi ana ku Mulanje, bambo. Mukanena za chitsa, ndatha."

"Inunso mukanena za maso, ife tatha," anayankha Otilia. Anadabwa kumva mawu akeake, popeza sankalankhula ndi madalaivala.

Paison anamuyang'ana, kenako anayang'ana zipsera za m'zala zake.

"Ndiye mumamata ndinu?"

"Ndine."

"Iyi mungaimate?"

"Iyi yafa," anatero a Lorenso. "Tikaimata apa iphulika apo. Sifika ndi ku Tengani komwe."

Pansi pa nkhokwe panali rediyeta ina imene a Lorenso anaigula kalekale, ya lole imene inagubuduzika pachikweza cha Thabwa. Anaikoka, anaikuntha fumbi ndi zisa za mavu, n'kuimiza m'diramu. Sinatulutse thovu. Koma ataiika pambali pa yakufa ija, Otilia anaona kuti khosi lake lapansi, lolowamo paipi, lili kumanzere m'malo mwa kumanja, ndipo makutu omangira mabawuti sakugwirizana. Panafunika kusungunula khosilo, kutseka bowo lake ndi chigamba cha mkuwa, kubowola kwina n'kuliwotchereranso, kenako kusuntha makutu onse. Inali ntchito ya tsiku lathunthu pamoto, ndipo Leonard akanakhala ali pabwalo.

M'mawa mwake Paison ndiye anapeza nzeru. Anauza Leonard kuti mmisiri safuna maso a anthu pamene akusungunula mtovu, ndiponso utsi wa asidi umawononga chifuwa. Anamutsegulira wailesi ya m'galimoto, namuikira mpando pamthunzi wake, kuti azilondera nsalu za msonkhano. Leonard anavomera, ndipo atatuwo analowa kuseri.

Otilia anakoleza mbaula n'kuikapo zitsulo ziwiri zowotcherera, kuti china chikazizira china chikhale chapsa. A Lorenso anakhala pamphasa atakumbatira rediyeta pakati pa mawondo. Paison ankakupiza moto, khutu lili kubwalo. Nthawi ndi nthawi, kuti wakunja amve, a Lorenso ankakweza mawu kuti, "Amake Jesinta, ndipatseni asidi," pamene asidiyo ali kale m'dzanja la Otilia.

Khosi linachoka bwino. Chigamba chinagwira. Pofika masana thukuta linali likulowa m'maso mwa Otilia, ndipo anali atawerama, chitsulo chofiira chili m'dzanja, akuzunguliza mtovu pakhosi latsopano. Ntchito inali itamumeza moti sanazindikire kuti wailesi yasiya kulira. Anangoona chithunzithunzi cha munthu chitagwera pa rediyeta.

Leonard anali ataima pakhomo la mpanda, kapu ili m'manja. Ankafuna madzi akumwa.

"Mukutani, mayi?"

Dontho la mtovu linagwera paphazi pa Otilia koma sanalimve.

"Akungondigwirira chitsulo," anatero a Lorenso, nkhope atailozetsa kumene sikunali Leonard.

Leonard analowa pang'onopang'ono. Anayang'ana mzere wa mtovu wonyezimira, anayang'ana manja a Lorenso opanda chida chilichonse.

"Vulani magalasiwo."

A Lorenso anavula. Maso awo otuwa anayang'ana m'mwamba, akuphethiraphethira ndi kuwala.

Otilia anaika chitsulo pansi n'kugwada pafumbi. Zimene zinkabwera m'mutu mwake zinali zazing'onozing'ono: kuti amuna ake kundende adzawatsogolera ndani popita kuchimbudzi, kuti Jesinta sadziwa pamene anabisa makadi a kusikelo. Paison anali ataima ndi chokupizira m'manja, kakasi.

"Abwana anati pasapezeke wina woigwira," anatero Leonard, ngati akudzilankhulira yekha. Otilia atadzutsa maso anaona mantha pankhope ya Leonard, ndipo anazindikira kuti mwamunayu akukumbukira kuti ndi iyeyo amene anasiyidwa kuti alondere, ndiponso amene adzafunsidwe galimoto ikapanda kuyenda.

"Itha lero?" anafunsa, ndipo ulendo uno ankafunsa Otilia.

"Itha, bambo."

"Ikafika ku Nsanje?"

Otilia anayang'ana khosi limene anali atangomata theka. "Ndikamaliza bwino, ikafika."

Leonard anatunga madzi mumtsuko, anamwa kapu yonse, n'kupukuta pakamwa.

"Ine ndinabwera kudzamwa madzi. Sindinalowe muno." Anatuluka. Posakhalitsa anamumva akukalipira anthu amene anali ataima pamsewu kuonerera galimoto, akuwathamangitsa ndi ndodo yake mpaka kumsika.

A Lorenso anapapasa mpaka anapeza manja a Otilia, n'kuwagwira mwamphamvu. Ndiye Otilia anatenga chitsulo china pamoto n'kumaliza khosi lija.

Rediyeta anaimangirira pa galimoto dzuwa lisanalowe. Madzi a pamjigo ndi amchere, choncho Otilia anathira a mumtsinje amene anawagoneka kuti matope akhale pansi, n'kuwasefa ndi chitenje. Paison analiza injini. Dizilo inagwedeza galimoto yonse, utsi wakuda unadzaza bwalo, ndipo anaisiya ikulira kuti itenthe.

"Wina ayang'ane pansi ngati ikudontha," anatero a Lorenso.

Paison ankayang'anira muvi wosonyeza kutentha kwa injini pafupi ndi chiwongolero. Panalibe wina. Chichitikireni ngozi ya amuna ake, Otilia anali asanayandikirepo injini yotentha. Anamanga chitenje mwamphamvu, anagona chagada, n'kudzikoka mpaka pansi pa galimoto. Chitsulo chotentha chinali chikunjenjemera pamwamba pa nkhope yake, fani ikuzungulira pafupi ndi khutu lake, ndipo ankamva madzi akuyenda m'mapaipi. Anaphimba maso ndi dzanja n'kumasuzumira pakati pa zala.

Dontho linamugwera patsaya, lotentha. Thupi lonse linafuna kuthawa, koma anadzikakamiza kutsatira kumene lachokera. Sipanali pamene anamata. Linali pakamwa pa paipi ya labala, pamene kachitsulo komangira kanali kosalimba. Anaitanitsa sikuludalaiva, anakalimbitsa injini ikulirabe, n'kudikira. Silinagwenso lina. Atatuluka pansi paja anapita kuseri kwa nyumba n'kusanza, ngakhale m'mimba munalibe kanthu.

Loweruka m'mawa abwana anafika. Anazungulira galimoto, anamvetsera injini, anasuzumira rediyeta yatsopano ija imene Otilia anali ataipaka utoto wakuda.

"Mwasintha yonse?"

"Yakale inali itaola ndi dzimbiri, bwana," anatero a Lorenso. "Mwini wake woyamba sankaisamala."

Yankho limeneli linawakondweretsa abwana. Anaseka pang'ono, n'kutambasula dzanja kuti apereke moni kwa mmisiri. A Lorenso anangoima, manja ali m'mbali, akumwetulira kumene kunachokera mawu. Dzanja la abwana linakhala m'malere. Otilia, ali chogwada, anaona kumwetulira kwa abwana kukuyamba kuzilala. Leonard anayang'ana pansi.

"Abambo ake Jesinta," anatero Otilia, mawu akutuluka mopyapyala, "musachite manyazi ndi mafuta a m'manjawo. Abwana akukupatsani moni."

A Lorenso anapukuta manja pa ovolosi mwachangu, anawerama, n'kutambasula onse awiri. Anaphonya pang'ono, koma abwana anawagwira pamkono.

"Munthu wa ntchito sachita manyazi ndi mafuta," anatero abwana. Analamula kuti mayiyo apatsidwe nsalu imodzi ya msonkhano, kenako anakwera. Za malipiro sananene, ndipo panalibe amene anafunsa. Galimoto ya nyumba inatuluka pabwalo n'kulunjika kummwera, Paison osacheuka.

Mantha enieni anayamba galimoto itapita. Pamene inali pabwalo, Otilia anali ndi chochita ndi manja ake. Tsopano panalibe chochita koma kumvetsera. Injini iliyonse ya dizilo ikachepetsa liwiro pamsewu, ankasiya chimene wagwira n'kuima chilili. M'maganizo mwake ankabwereza khosi lija mobwerezabwereza: kodi anatsuka bwino asanamate? Kodi theka limene anamata Leonard atatuluka linalumikizana ndi loyamba? Anamanga kamtolo ka bulangeti ndi malaya a amuna ake n'kukaika kuseri kwa chitseko. Anakambirana zothawira kwa abale a Lorenso kudzera ku Marka, koma kutsidyako nakonso kunkamveka mfuti, ndipo munthu wothawa amakhala wadziulula yekha kuti walakwa. Anakhala. Jesinta anabwerera kunyumba, koma Otilia anamuletsa kusewera kubwalo lakutsogolo. Anaonda mpaka anzake a kutchalitchi anayamba kumufunsa ngati akudwala.

Mvula inagwa, Shire anadzaza, msewu unaduka n'kukonzedwanso. Kenako anthu anazindikira kuti wailesi yasiya kutchula dzina la abwana aja. Dalaivala wina, atamwa, ananong'oneza a Lorenso kuti abwanawo anatengedwa pamodzi ndi onse owazungulira, ndipo apolisi akufunsa aliyense amene anadya nawo kapena kuwagwirira ntchito. Otilia atamva anatenga nsalu ija, imene anali asanaivalepo, osadziwa ngati kuisunga kapena kuitaya n'kumene kungamupalamulitse. Anaipinda n'kuibwezera pansi pa sutikesi.

Palibe anabwera. Thonje linacha, malole anayambanso kudutsa. Tsiku lina lole ina inaima pabwalo ikutuluka nthunzi, ndipo amene anatsika anali Paison. Anali wometedwa mpala, mano akutsogolo atachoka, ndipo ankayenda mokoka mwendo. Pabwalo panali madalaivala ena awiri akudikira ntchito zawo, choncho anapereka moni wamba n'kukhala pansi mpaka injini yake inazizira. Otilia anamubweretsera madzi.

"Apolisi anakusungani?" anafunsa monong'ona.

"Anandisunga. Ankafuna kudziwa kumene abwana ankapita ndi amene ankalankhula nawo. Za kuno sanafunse, ine sindinanene." Anamwa madzi. "Galimoto ija inafika ku Nsanje, mayi. Inafika ku Marka, inabwerera, inakwera Thabwa masana dzuwa lili pamutu, muvi osasuntha. Pano yaima kuseri kwa ofesi ina ku Blantyre, matayala aphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake."

"Nanga a Leonard?"

"Sindinawaone. Ena amati anabwerera kwawo."

Paison anamasula rediyeta ya lole yake. Sanapite nayo kwa a Lorenso. Anadutsa pamaso pa madalaivala aja n'kuiika pamapazi pa Otilia.

"Mayi, iyi ikudontha pamwamba apa. Mundimatire inuyo."

Madalaivala aja anayang'anana. Otilia anayang'ana amuna ake. A Lorenso anavula magalasi, anawapinda, n'kuwaika m'thumba la malaya.

"Tulutsani mbaula kuno, amake Jesinta," anatero. "Kuseriko kulibe mphepo."

Mmodzi wa madalaivalawo ananyamula rediyeta yake n'kupita nayo ku Ngabu tsiku lomwelo. Winayo anatsala, anaonerera ntchito yonse, ndipo pomaliza anapereka yakenso. Nkhani inayenda ndi malole mpaka ku Limbe. Ena anasiya kubwera, ena anabwera kudzangoona mkazi wogwira chitsulo cha moto, koma pofika chilimwe chotsatira, pamene injini zinayamba kuwira pamsewu wonse, ambiri anabwerera. Anayamba kunena kuti tikupita kwa mayi Otilia.

A Lorenso anakhalabe pamphasa pambali pake, akupapasa ntchito iliyonse isanatuluke, mpaka anamwalira ndi chifuwa m'chaka chimene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza m'boma la Nsanje. Otilia anapitiriza yekha. Anamata marediyeta a malole onyamula chimanga cha othawa nkhondowo, a mathalakitala a kumunda wa nzimbe, ndi a maambulansi. Jesinta anaphunzira mpaka anakhala namwino, ndipo ankawadandaulira amayi ake kuti utsi wa asidi uwatha. Otilia anasiya ntchito pamene dzanja lake lamanja linayamba kugwedezeka lokha. Anagulitsa zitsulo zake kwa mmisiri wina wa ku Chiromo, n'kubwerera ku Makhanga, kumene analima mapira ndi mbatata m'dimba la mlongo wake.